Tinkayesa chipani chatilandira, osadziwa chalandira manambala athu okha

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa mbali zina zimandichititsabe manyazi, koma mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, akuti gulupu yathu yakula ndiye tikufuna tilowe m'chipani tikasinthe zinthu tili mkati, tiyambire pati. Nde m'malo moyankha mmodzimmodzi ndi mavoisi noti a mphindi teni bola ndingolemba kamodzi. Chipanicho sindichitchula, anthunso sindiwatchula, ena mwa iwo timakhala nawo benchi imodzi mpaka lero.

Tinayamba tili anayi. Panalibe amene anali ndi khadi la chipani kupatula mnzathu mmodzi wamkazi, ndizingoti asisi, iwowo anadula khadi kalekale chifukwa bambo awo anali a chipani chomwecho ndipo chaka ndi chaka ankawalipirira, khadilo linkangokhala m'kachikwama. Enafe tinkachikonda chipanicho chapatali. Chimene chinkatiwawa n'choti mfundo chinali nazo zabwino koma pa intaneti chinkamenyedwa tsiku ndi tsiku popanda woyankha, peji yawo inkatha milungu itatu ili zii, ikati iponye ndiye chithunzi chosaoneka bwino cha akuluakulu atakhala pa tebulo lalitali. Tinatsegula peji yathu pa Facebook, ine ndikupanga mapositala pa foni, mnzanga wina akudula mavidiyo, wina ntchito yake kuyankha makomenti, asisi akulemba zinthu zazitali zija zofuna mutu.

Zinagwira moto msanga kuposa mmene tinkaganizira. Nthawi imeneyo gulupu ya WhatsApp inkadzadza pa anthu 256, malire aja anadzawakweza mu 2022 kufika 512 kenako 1,024, ndiye yoyamba itadzadza tinatsegula ina, kenako ina, mpaka magulupu anayi, onse pamodzi anthu ngati 900. Popeza uthenga unkaloledwa kuufowada kumalo asanu okha nthawi imodzi tinali ndi kadongosolo kathu, aliyense anali ndi koti aponye ikangokwana 6 koloko m'mawa. Ndinkagona 2 koloko usiku ndikulimbana ndi anthu amene sindinawaonepo ndi maso. Bandulo ya mwezi inkatha pa masiku naini, ikachita bwino teni. Palibe ankatilipira ndipo tinkanyada nazo, tinkati ife si aganyu.

Pa gulupo wokonda kuwerenga ndinali ine, nde ndinkakonda kuwalimbitsa mtima anzanga ndi nkhani ya Howard Dean wa ku America, mmene mu 2003 anthu wamba ankakumanirana kudzera pa webusaiti ya Meetup n'kumamusonkhera tindalama pang'onopang'ono pa intaneti, mpaka munthu amene ankaoneka wopanda mwayi anakhala patsogolo pa ofuna kuimira chipani cha Democratic Party pa upulezidenti. Ndinkaifotokoza mokoma kwabasi. Chimene sindinkatchula, poti ndinkachidumpha dala powerenga, n'choti voti yeniyeni itafika ku chigawo cha Iowa mu Januwale 2004 mkuluyo anathera pa nambala 3.

Patatha miyezi ngati eyiti ndinalandira foni ya nambala yachilendo. Anali mnyamata wa mkulu wina wa chipani, akuti abwana akufuna aonane nanu anyamata a pa intaneti. Abale, mtima unagunda. Shati ndinasita usiku womwewo. Tinapita anayi tonse, thiransipoti yathu, tinadikira maola atatu pa mabenchi, kenako anatulukira akuseka n'kutipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi, "ana anga, ntchito yanu ndimaiona, inu ndiye tsogolo la chipani chino." Tinajambulitsa. Chithunzi chija chinakhala pa pulofailo yanga pafupifupi chaka.

Mkati mwa macheza, mongodutsa ngati si nkhani, anafunsa kuti kodi anthu anu onsewa manambala awo muli nawo? Ife pofuna kuoneka adongosolo tinati eya bwana, ndi mayina omwe, ndi madera awo. Tinalidi nawo, aliyense wolowa gulupu tinkamuuza alembe dzina ndi dera, asisi n'kumaika mu Excel. Anati mutumizireni mnyamata wangayu kuti tizigwira ntchito limodzi. Ndinatumiza ndili pomwepo, ndi chala changa chomwe ndikulembera ichi. Asisi anandiponda phazi pansi pa tebulo koma ine ndinayesa ndi ngozi, ndinangosuntha mwendo. Anapemphanso kuti mnyamata wawo wina wa zofalitsa nkhani timuike adimini pa peji kuti aziponya mapulogalamu a misonkhano mwachangu, ndipo ndinamupatsa ulamuliro wonse, osati uja wongoponya mapositi, chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti ziwirizi n'zosiyana.

Apa ndiime kaye chifukwa pamenepa ndi pamene ndinagwa, zina zonse zinangotsatira. Manambala aja sanali anga. Anthu anatipatsa ife anayi kuti tizicheza nawo, sanapatse chipani. Komanso ndi chinthu chokhacho chimene tinali nacho chimene akuluakulu aja analibe, ndiye ukachipereka tsiku loyamba, mawa ukakambirana nawo uli ndi chiyani m'manja? Akafuna uthenga ufike kwa anthu anu, awuzeni akupatseni uthengawo mutumize nokha. Ndipo pa peji, munthu amene mwamupatsa ulamuliro wonse angathe kukuchotsani inuyo eni ake, mupatseni mphamvu yongoponya basi. Ndinadzawerenga mochedwa kuti ngakhale kampeni ya Obama ya 2008, imene inasonkhanitsa maimelo pafupifupi 13 miliyoni, itapambana gulu lonselo analisandutsa Organizing for America mu Januwale 2009 n'kuliika pansi pa likulu la chipani. Ku Italy nako Five Star Movement, chipani chobadwira pa intaneti penipeni, mu 2021 chinakokanakokana ndi bungwe limene linkayendetsa pulatifomu yawo ya Rousseau pa nkhani yomweyi, yoti mndandanda wa mamembala ausunge ndani. Anthu akuluakulu otero amalimbirana mndandanda mpaka kulekana, ine ndinaupereka posinthana ndi chithunzi.

Tsiku lomwelo anatiuza kuti akukhazikitsa komiti ya za intaneti ndipo ine ndikhala kodineta. Ndinafunsa mwamanyazi ngati padzakhale kalata, anati kalata ikubwera. Mpaka lero ikubwera. Msonkhano woyamba wa komitiyo anausuntha kanayi, kawiri konse tinauzidwa titafika kale pamalopo, ndipo patatha miyezi isanu tinangosiya kufunsa. Koma ntchito ndiye inachuluka. Mameseji usiku, ponyani ichi, uyu muyankheni, uyu mumuvule, nthawi zina zinthu zoti mumtima sindikugwirizana nazo, zonyoza munthu osati mfundo zake, koma ndinkaponyabe ndikudziuza kuti panopa ndili mkati, tidzakonza tikakhazikika. Kuntchito abwana anga anandiitana kawiri pa nkhani yosinza pa desiki. Foni batire linatupa, ndinakongola ndalama ndikugula ina. Ndikawerengera zonse za chaka chimenecho, data, maulendo, foni ija, zimakwana malipiro anga a miyezi iwiri ndi kanthu, ndipo panalibe woti ndikamuuze kuti andibwezere, nanga anandituma ndani polemba? Udindo umene sunalembedwe m'malamulo a chipani ulibe voti, ulibe bajeti, ndipo amene anakupatsa ndi pakamwa amaulanda ndi pakamwa pomwepo. Chikomekome cha mkuyu.

Kenako inafika nthawi ya zisankho zachipulula, zosankha woimira chipani m'dera lathu. Magulupu onse anati asisi aime. Anakana kaye, tinawakakamiza sabata yathunthu mpaka anavomera. Fomu yawo inadutsa bwinobwino poti khadi lawo linali lakale komanso lolipiridwa. Tinaponya kavoti pa peji, asisi anapambana mochititsa chisoni, ndipo wopikisana nawo, bambo ena achikulire amene analibe n'komwe akaunti ya Facebook, tinkawaseka, tinawapangira mpaka timakatuni. Ndinamufunsa mnyamata wa abwana uja kuti ovota akhala ndani, anati mamembala onse akulu, musadandaule, inu ingobweretsani anthu. Ndinakhutira. Sindinafunse kuti kodi membala ndi ndani, safunsa anadya phula. Ndinangolengeza pa gulupu kuti aliyense athamange akadule khadi, ndipo ena anakaduladi kutatsala milungu iwiri, inenso ndinadula nthawi yomweyo.

Kutatsala masiku anayi anthu a m'magulupu athu anayamba kulandira mameseji ndi mafoni owauza kuti akavotere bambo aja. Mayi wina anandiimbira, mawu ali phee, anati achimwene, nambala yangayi ndinapatsa inu, awa aitenga kuti? Ndinanama kuti sindikudziwa. Bodza limenelo limandisowetsa mtendere kuposa ndalama zonse zimene ndinataya, ndipo mayiyo ndinadzamupepesa patapita chaka.

Anthu oposa 300 analemba kuti "ndibwera". Anabwera 41, ndinawawerenga ndekha kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Ena akuti thiransipoti, ena akuti timayesa tivotera pa foni, ambiri anangozimitsa data, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinazindikira kuti ambiri mwa amene ankafuula kwambiri pa gulupu sankakhala n'komwe m'dera lathu, ena anali kunja kwa dziko. Pakhomo la holo panali katebulo kakang'ono, pakhala mayi wachikulire, mandala awo mbali imodzi omanga ndi ulusi, kutsogolo kwawo buku lalikulu lachikuto cholimba lomatidwa selotepi kumsana, ndi rula. Munthu akafika amati khadi, n'kutsitsa rula ija mzere ndi mzere mpaka apeze dzina, n'kuyang'ana tsiku limene analowa. Lamulo linali loti wovota akhale atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ali membala ndipo asakhale ndi ngongole ya umembala. Anthu anga anayamba kubwezedwa mmodzimmodzi ine ndikuona. Nditafika ine ndinati mayi, ine ndine kodineta. Anakweza mutu, "kodineta wa chiyani mwanawanga?" Ndinati wa za intaneti. Anayang'ana tsiku la pa khadi langa, n'kundibwezera ndi manja awiri mwaulemu, anati imirira kaye pambalipo adutse anzako.

Mwa anthu 41 analowa 7, kuphatikizapo asisi eni ake. Bambo tinkawaseka aja anabwera ndi anthu awo ali pa mzere mwakachetechete, aliyense khadi m'manja, ndipo ankamutchula aliyense dzina. Asisi anapeza mavoti 19, bambowo anadutsa 100. Ndili panja padzuwa ndikumva kuombera m'manja mkatimo ndinakumbukira Iowa ija ndinkaidumpha.

Zimene ndinachita kenako musadzachite. Ndinayatsa layivu pa Facebook pomwepo pakhomo, mphindi 20 ndikukuwa kuti atibera, ndikutchula anthu mayina, mayi a buku aja ndinawajambula nkhope. Madzulo mu kagulupu kathu ka anthu ochepa tinatukwana mokwanira, ndipo wina anatenga masikirinishoti n'kutumiza kwa abwana usiku womwewo. M'mawa ndikuti nditsegule peji, ndikupeza sindinenso adimini, anzanga atatunso achotsedwa. Peji ya zaka ziwiri. Ndinalemba madandaulo ku Facebook kangapo koma panalibe choti ndinene chomveka, munthuyo ndinamuika ndekha. Chowawa n'choti tsiku lija palibe anaba voti, lamulo linalipo kale, ife ndi amene sitinaliwerenge. Dandaulo lenileni tinali nalo limodzi, loti mndandanda wathu anaugwiritsa ntchito pothandiza mbali imodzi pa chisankho cha mkati, ndipo malamulo ankapereka masiku ochepa oti munthu akadandaule polemba kalata, koma masikuwo anatha ine ndili kalikiliki kuyankha makomenti, komanso pambuyo pa layivu ija ndani akanandimvera. Mukapsa mtima foni ipatseni mnzanu aisunge mpaka mawa.

Gulu linabalalika. Magulupu awiri anasanduka malo otsatsirana malonda. Mnzathu wodula mavidiyo uja anamutenga kukagwira ntchito kwa abwana, ndinamutcha Yudasi pagulu, koma panopa ndikaganiza, munthu anakhala zaka ziwiri opanda ntchito ndipo ndi yekhayo mwa ife amene anafunsa zolemberana asanayambe, kaya wopusa anali ndani. Asisi anatha miyezi itatu osandiyankhula. Nditawapeza anati sindinakwiye chifukwa choluza ayi, ndinakwiya chifukwa unatigulitsa pa tebulo paja ine ndikukuponda phazi. Ndinalibe choyankha. Miyezi imeneyo ndinachotsa Facebook pa foni, ndinkabweza ngongole ija pang'onopang'ono, ndipo munthu akangotchula zandale ndinkamva ngati nseru.

Tsiku lina kukubwera foni, mawu a munthu wamkulu, akuti ndine mlembi wa nthambi, uja unandijambula uja. Thukuta. Ndinafunsa kuti nambala yanga mwaitenga kuti mayi, anaseka, anati pa mndandanda wako womwe uja, unafika mpaka kwa ine. Ankafuna munthu woti awalembere buku lija pa kompyuta chifukwa masamba anayamba kuthothoka ndipo maso awo sankaonanso bwino, akuti ndamva kuti zamakompyutazi umazitha. Ndinapita ndili ndi mawu okonzeka oti ndikawauze mmene chipani chawo chinatichitira nkhanza. Anandisiya ndiyankhule mpaka ndinatopa, kenako anatulutsa timapepala tafotokope tomangidwa ndi sitepulo, m'makona mutapindikapindika, n'kuika pamwamba pa buku. Anati mwanawanga, ine sindinakubweze, linakubweza ndi bukuli, ndipo bukuli limamvera timapepalati. Anatinso kodi unawerengera kuti mtsikana uja anapeza 19 pamene inu munalowa 7? Enawo 12 ukuyesa anachokera kuti? Zoona sindinaganizepo. Munali anthu 12 mkatimo, mamembala akale, amene anamva asisi akuyankhula mphindi zisanu n'kuwavotera, ndipo ife chaka chonse sitinagogodepo pakhomo la mmodzi mwa iwo, tinkangowatcha onse nkhalamba zotsekereza.

Malamulo a chipaniwo ndinawawerenga mausiku awiri, sanakwane n'komwe masamba 50. Komiti ya za intaneti munalibe, ndinafufuza kawiri. Koma munali zinthu zimene zinandikhalitsa tsonga pa bedi. Membala aliyense angathe kubweretsa mfundo ku msonkhano wa nthambi bola ailembe n'kuipereka kwa mlembi masiku 14 msonkhano usanachitike. Nthambi ndi imene imasankha nthumwi zopita ku msonkhano waukulu, ndipo nthumwizo ndi zimene zimasankha akuluakulu aja tinkawadikira pa benchi maola atatu. Msonkhano wopanda koramu, chiwerengero cha anthu chimene malamulo amafuna kuti chikwane, zogamula zake sizigwira ntchito. Ndipo nditafunsa, nthambi yathu inali ndi mipando itatu yopanda anthu kwa nthawi yaitali chifukwa palibe ankaifuna. Zipani zimasiyana, kwina amavota mamembala onse, kwina nthumwi zokha, kwina amalola ndi osakhala mamembala omwe, ndiye musatengere zathuzi, pezani malamulo a chipani chanucho, osati chidule cha pa WhatsApp koma enieniwo, ndipo mufunse ngati ndi atsopano. Muyang'ane zinthu zitatu poyamba, wovota ndani, tsiku lotsekera ndi liti, ndipo buku la mamembala amasunga ndani.

Za tsiku lotsekerazi ndinadzaona kuti sizinagwere ife tokha. Ku Britain mu 2016, Jeremy Corbyn akupikisananso pa utsogoleri wa Labour Party, komiti yaikulu ya chipanicho inagamula kuti amene analowa pambuyo pa 12 Januwale chaka chimenecho savota ngati mamembala, anthu pafupifupi 130,000, ambiri mwa iwo atangolowa kumene ndi moto wonse. Ena anapita kukhoti, anapambana koyamba, koma khoti la apilo mu Ogasiti linagamula mokomera komitiyo. Anthu 130,000 anaima pambali ngati mmene ndinaimira ine padzuwa paja. Ndipo nkhani ya Dean ija nditaiwerenga mpaka kumapeto ndinapeza kuti sinathere ku Iowa, otsatira ake ambiri anakalowa m'makomiti a chipani m'madera mwawo, ndipo mu Febuluwale 2005 iye anasankhidwa kukhala wapampando wa chipani chonse. Ine ndinkawauza anzanga chiyambi chokha, pakati ndi kumapeto ndikusiya.

Kubwerera kunali kowawa. Mayi aja anati usanakhudze bukuli uyenera upepese pa msonkhano wa nthambi, utaimirira. Ndinaimirira, anthu ngati 20, bambo tinkawajambula makatuni aja ali kutsogolo atapinda manja, ndinapepesa mawu akunjenjemera, wina kumbuyo anati akhale pansi wamva, nkhani inathera pomwepo n'kupita pa ajenda yotsatira, yomwe inali ya mipando ya pulasitiki imene inabwerekedwa osabwezedwa, ndipo inatenga ola ndi theka. Ndikuuzeni zoona, misonkhano ya nthambi ndi yotopetsa kwambiri, munthu wozolowera kuponya chinthu n'kuona malayiki 200 pa mphindi teni amamva ngati akufa. Kawiri tinakhala maola awiri n'kubalalika chifukwa koramu sinakwane. Koma ndinaona kuti amene amapirira mpaka ajenda yomaliza ndi amene amagamula, chifukwa nkhani zenizeni zimabwera anthu atatopa.

Ndinalemba buku lonse pa kompyuta, milungu isanu ndi umodzi madzulo ndikaweruka, ndipo mayi aja anandilumbiritsa kuti mndandanda umenewu sutuluka popanda chilolezo cha komiti, ndinaseka ndekha mumtima kuti onani amene akundiphunzitsa kusunga manambala. Kenako ndinabwerera ku magulupu otsala aja, koma ulendo uno osaponya chilengezo, ndinkaimbira munthu mmodzimmodzi amene amakhala m'dera lathu. Mwa anthu 900 aja, a m'dera lathu anali ngati 60 basi. Anavomera kudula khadi 23. Amene amabweradi ku misonkhano ndi 14. Poyamba manambala amenewa ankandigwetsa ulesi, koma pa msonkhano wa anthu 30, anthu 14 ndi chinthu chachikulu. Aliyense akalipira ndinkamuuza kuti atenge lisiti, alijambule, atumize kwa ine, kenako patatha sabata tikaone ndi maso kuti dzina lalowa m'buku. Zinatithandiza, chifukwa ulendo wina mayina asanu amene analipira kudzera kwa munthu wina sanafike kwa mlembi, kaya mwadala kaya kuiwala, ndipo ndi malisiti aja amene anachititsa kuti awalembe pa tsiku limene analipira, osati tsiku limene tinadandaula. Asisi nawo, atandikhululukira pang'ono, anayamba kuyendera anthu 12 aja ndi anzawo, opanda kamera.

Panatenga chaka ndi miyezi inayi kuchokera tsiku la holo lija kufika pa chisankho cha nthambi. Ine ndinasankhidwa wachiwiri kwa mlembi, popanda wopikisana naye, musaganize kuti inali nkhondo. Asisi anapikisana ndipo anadutsa kukhala mmodzi wa nthumwi, ndi mavoti anayi okha pamwamba. Bambo aja sanativotere koma atatha anabwera kudzandipatsa moni, anati aphwanga, katuni ija ya chipewa inali yoseketsa, mdzukulu wanga anandionetsa.

Koma ndisakunamizeni kuti mkati ndi mokoma. Pakamwa pamachepa. Kale ndinkaponya chilichonse chimene ndaganiza, panopa pali zinthu zimene ndimazimva mu komiti zoti sindingazitulutse, ndipo ulendo wina tinaluza voti pa nkhani imene ndinaitsutsa ndi mtima wonse, kenako poti ndine wa kalembera ndi ine amene ndinataipa chilengezo chake n'kutumiza kwa mamembala. Usiku umenewo sindinagone. Anthu amene ankanditsatira kale ena amandilembera kuti wadya, wagulidwa, pamene ine data ndimagulabe ndekha. Mnzathu woyankha makomenti uja anakana kulowa, anatsegula peji yake ndipo amachidzudzula chipanicho momasuka, nthawi zina zimene iye wakuwa panja ndi zimene zimatithandiza ife kukankha mkati, ndipo masiku ena ndimamusirira. Njira yakeyo si yolakwika. Cholakwika ndi chimene ndinachita ine chaka choyamba chija, kugwira ntchito ngati wa mkati, kutsekedwa pakamwa ngati wa mkati, koma voti ndilibe ngati wa panja, mapanga awiri avumbwitsa. Khalani pansi ndi anzanu musanapite kukajambulitsa, mugwirizane kuti ndani akulowa, ndani akutsala panja, peji ndi ya ndani, ndipo mulembe.

Peji ija sinabwerere, inasintha dzina kawiri ndipo panopa ikuponyanso zithunzi za akuluakulu ali pa tebulo lalitali. Abwana aja tinakumana pa msonkhano wina, anandigwira chanza n'kundifunsa dzina. Mfundo yathu yoti ntchito ya pa intaneti ikhale ndi mpando wolembedwa mu komiti ya nthambi, wokhala ndi voti, ndinaipereka kwa mayi mlembi masiku 14 msonkhano usanachitike monga mwa lamulo, yakhala pa ajenda kawiri, koyamba koramu sinakwane, kachiwiri nthawi inathera pa nkhani ya msungichuma. Ili pa nambala 6 Loweruka likubwerali, ndipo pa 14 aja atsimikiza kubwera ndi 9, ndiye ndikamaliza kulemba izi ndiyambe kuimbira asanu otsalawo.